PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KULUKA SHAWELO YA MITUNDU IWIRI YOLEMEKEZA AMAYI OPULUMUKA KU KHANSA YA M'MAWERE

M'phunziro la mwezi uno taphatikiza zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimaphunzitsidwa padera, ndizo luso la manja ndi za umoyo. Tiphunzira kalukidwe ka shawelo ya mitundu iwiri, yofewa ndi yofunda bwino, imene amayi a m'kalabu, a Mvano, a Chigwirizano kapena a gulu lina lililonse angalukire mnzawo amene anadwala khansa ya m'mawere nalandira chithandizo. Ntchito yoluka imatenga milungu ingapo, ndipo pa milungu imeneyo amayi amakhala pamodzi, manja ali pa ulusi koma makutu ali pa mpata. Imeneyo ndi nthawi yabwino yophunzitsana za matendawa. Alangizi a zaumoyo ndi a zapakhomo akupemphedwa kuwerenga phunziro lonse ndi kuyesa malukowa iwo eni asanakaimirire pamaso pa gulu.

KUKULA KWA VUTOLI

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo anthu pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Matendawa alipo m'dziko lililonse, koma mathero ake ndi osiyana. M'maiko olemera, amayi oposa 90 mwa 100 alionse opezeka ndi khansayi amakhala akali moyo patapita zaka 5. Ku South Africa chiwerengero chimenechi ndi pafupifupi 40 mwa 100. Kusiyanaku kumadza makamaka chifukwa cha zinthu ziwiri: kufika mochedwa ku chipatala, ndi kulekera panjira chithandizo chimene chayambidwa.

Pa chifukwa chimenechi, m'chaka cha 2021 bungwe la WHO linakhazikitsa ndondomeko yokhala ndi zolinga zitatu. Choyamba, amayi osachepera 60 mwa 100 azipezeka ndi matendawa akali pa chiyambi. Chachiwiri, mayi akafika ku chipatala ndi chotupa, zoyeza zonse zizitha pasanathe masiku 60. Chachitatu, odwala osachepera 80 mwa 100 azimaliza chithandizo chawo chonse. Cholinga choyamba ndi chachitatu sizingatheke ndi madokotala okha. Zimadalira mwamuna wa pakhomo, apongozi, anansi ndi amayi a m'gulu, chifukwa ndiwo amene amalimbikitsa wodwala kupita ku chipatala kapena kumubweza.

MTUNDU WA PINKI UNACHOKERA KUTI?

Mwezi wa October unayamba kusungidwa ngati mwezi wokumbutsana za khansa ya m'mawere m'dziko la United States m'chaka cha 1985. M'chaka cha 1991, bungwe la Susan G. Komen linagawa timaliboni ta pinki kwa anthu amene anachita nawo mpikisano wothamanga mumzinda wa New York. Chaka chotsatira, mu 1992, Alexandra Penney, mkonzi wa magazini ya Self, pamodzi ndi Evelyn Lauder wa kampani ya Estée Lauder, anafalitsa kaliboni kameneka m'masitolo ambiri, ndipo kuyambira pamenepo pinki anadziwika pa dziko lonse ngati chizindikiro cha nkhondo yolimbana ndi matendawa. M'maiko ambiri amayi oluka amalukira anzawo odwala zipewa, zofunda ndi mashawelo a mtundu umenewu. Ife tikutengapo nzeru yomweyo, koma tiigwiritsa ntchito molingana ndi zosowa za mayi wa kwathu kuno.

N'CHIFUKWA CHIYANI SHAWELO, OSATI JUZI?

Mphatso yabwino ndi imene ikudziwa vuto la woilandira. Pali zifukwa zinayi zimene tasankhira shawelo.

1. Mayi amene wachitidwa opaleshoni ya bere amavutika kukweza mkono wa mbali imeneyo kwa milungu ingapo. Kulowetsa mutu ndi mikono m'juzi kumamupweteka, pamene shawelo amangoiponya pa mapewa.

2. Pa opaleshoni, madokotala kawirikawiri amachotsanso tizigawo ta m'khwapa, tija tikatupa timati mwanabere. Pambuyo pake mkono wa amayi ena umatupa chifukwa madzi a m'thupi sayendanso bwino. Mkono wotere sufuna chovala chothina.

3. Khungu limene lalandira chithandizo cha cheza, chimene madokotala amachitcha radiotherapy, limakhala lanthete ndipo silifuna nsalu yokanda.

4. Mankhwala ena amene mayi amamwa kwa zaka 5 kapena kuposerapo, monga tamoxifen, amachititsa thupi kutentha mwadzidzidzi ndi kutuluka thukuta, kenaka kuzizidwa. Shawelo imavulidwa ndi kufundidwanso msanga popanda vuto.

MALUKO A BRIOCHE

Maluko amene tiphunzire amatchedwa brioche. Dzinali ndi la mtundu wina wa buledi wofewa wa ku France. M'zaka za m'ma 1840, mabuku ophunzitsa kuluka a ku England anapereka dzinali kwa katsamiro kobulungira koluka, kofanana ndi bulediyo, ndipo pambuyo pake dzinalo linatsalira pa maluko ake. Ku Netherlands malukowa amawatcha patentsteek. Masiku ano afala kwambiri chifukwa cha mabuku a Nancy Marchant, mayi wa ku America wokhala ku Amsterdam, amene mu 2014 anatulutsa buku lonena za brioche wa mitundu iwiri lotchedwa Knitting Fresh Brioche.

Nsalu ya brioche ndi yochindikala koma yopepuka, imatamuka, ndipo ilibe kumaso ndi kumbuyo. Mukailuka ndi mitundu iwiri, mbali imodzi imaonetsa mizere ya pinki yotukuka pamwamba pa mtundu wachiwiri, ndipo mukaitembenuza mtundu wachiwiriwo ndiwo umatukuka, pinki n'kukhala pansi. Chinsinsi chake n'chakuti pa ulendo uliwonse mumaluka theka la maso okha. Maso otsalawo mumangowasamutsa ndi kuwafunditsa ulusi, kuti adzalukidwe pa ulendo wotsatira.

ZIPANGIZO

1. Ulusi wa makulidwe apakati, umene pa chikuto chake pamalembedwa DK: magalamu pafupifupi 300 a pinki ndi magalamu 300 a mtundu wina wosiyana nawo bwino, monga woyera kapena wotuwa. M'phunziro lino mtundu wachiwiriwo tiutcha woyera. Brioche amadya ulusi wambiri kuposa maluko wamba, choncho gulani wokwanira nthawi imodzi. Pogula, khudzitsani ulusi pa khosi lanu. Ukakukandani, usiyeni.

2. Singano yolukira ya mamilimita 4, ya nsonga ziwiri zolumikizidwa ndi kachingwe, yotalika masentimita 80. Ikasowa, semani timitengo tiwiri ta nsungwi totalika masentimita 40, tosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo mutipale mpaka titasalala. Singano za mutu kumbuyo sizingagwire ntchitoyi, chifukwa maso ayenera kutha kutulukira mbali zonse. Masipoko a njinga ndi oonda kwambiri pa ulusi umenewu.

3. Singano imodzi yokulirapo ya mamilimita 5 yotsekera, tepi yoyezera, sizasi ndi singano yosokera ya diso lalikulu.

MAWU AMENE TIGWIRITSE NTCHITO

Diso: kalikonse ka timagoba ta ulusi tokhala pa singano, monga timanenera maso a ukonde.

Kuluka mosalala ndi kuluka mwamfundo: maluko awiri oyamba amene woluka aliyense amawadziwa, amene mabuku a Chingerezi amawatcha plain ndi purl. Poluka mosalala ulusi umakhala kuseri kwa singano. Poluka mwamfundo ulusi umakhala mbali ya kwa inu.

Kusamutsa: kuchotsa diso pa singano ya kumanzere ndi kuliika pa ya kumanja osaliluka, mukulowetsa singano monga ngati mukufuna kuluka mwamfundo.

Kufunditsa: bweretsani ulusi mbali ya kwa inu, samutsani diso limodzi, ndipo ponyani ulusiwo pamwamba pa singano ya kumanja kupita kuseri. Tsopano diso lija lafunda kaulusi pa msana pake. Ngati diso lotsatira lilukidwa mwamfundo, pitirizani kuzunguliza ulusiwo pakati pa singano ziwiri mpaka ubwerere mbali ya kwa inu.

Diso lofunda: diso pamodzi ndi kaulusi kake. Ziwirizi zimawerengedwa ngati diso limodzi, ndipo zimalukidwa pamodzi nthawi zonse.

YAMBANI NDI KANSALU KOYESERA

Manja a anthu sakoka ulusi mofanana. Musanayambe shawelo, yalani maso 21 ndi kuluka kansalu ka masentimita 10 motsatira malangizo ali m'munsiwa. Kachapeni, kaume, ndipo muwerenge maso amene akukwana pa masentimita 10. Shawelo yathu ikhala ya masentimita 50 m'lifupi ndi 160 m'litali. Ngati mwapeza maso 18 pa masentimita 10, ndiye kuti masentimita 50 afuna maso 90. Malukowa amafuna chiwerengero chosagawika pawiri, choncho onjezerani limodzi akhale 91. Mukapeza maso 16, muyala 81. Kansalu koyesera ndiko kophunzirirapo, ndipo nkwabwino kulakwitsa pa maso 21 kusiyana ndi pa maso 91.

KUYALA MASO NDI ULENDO WOKONZEKERA

Yalani maso 91 ndi ulusi wa pinki, momasuka, osakoka. Mukatha, musatembenuze ntchito. Kankhirani maso onse ku nsonga inayo ya singano, kuti muyambire mbali imene kulibe ulusi wopita ku mpira wa pinki. Tengani ulusi woyera, kusiya mchira wa masentimita 15, ndipo muchite motere: samutsani diso loyamba, kenaka lukani limodzi mosalala, funditsani limodzi, ndi kubwereza zimenezi mpaka patatsala maso 2, lukani limodzi mosalala, samutsani lomaliza. Tembenuzani ntchito. Mudzaona kuti ulusi wonse uwiri uli mbali imodzi.

MAULENDO ANAYI OBWEREZABWEREZA

Mzere uliwonse umayendedwa kawiri, poyamba ndi pinki, kenaka ndi woyera.

Ulendo 1, pinki: lukani diso loyamba mosalala. Funditsani limodzi, lukani lofunda mosalala, ndi kubwereza mpaka patatsala maso 2. Funditsani limodzi, lukani lomaliza mosalala. Musatembenuze. Kankhirani maso ku nsonga inayo, kumene ulusi woyera ukudikira.

Ulendo 2, woyera: samutsani diso loyamba. Lukani lofunda mwamfundo, funditsani limodzi, ndi kubwereza mpaka patatsala maso 2. Lukani lofunda mwamfundo, siyani ulusi pomwe uli, samutsani lomaliza. Tembenuzani.

Ulendo 3, pinki: lukani diso loyamba mwamfundo. Funditsani limodzi, lukani lofunda mwamfundo, ndi kubwereza mpaka patatsala maso 2. Funditsani limodzi, lukani lomaliza mwamfundo. Musatembenuze. Kankhirani maso ku nsonga inayo.

Ulendo 4, woyera: samutsani diso loyamba. Lukani lofunda mosalala, funditsani limodzi, ndi kubwereza mpaka patatsala maso 2. Lukani lofunda mosalala, siyani ulusi pomwe uli, samutsani lomaliza. Tembenuzani, ndi kuyambanso pa ulendo 1.

Mizere isanu yoyamba imaoneka yosokonekera, ndipo ambiri amamasula ntchito yawo poganiza kuti alakwitsa. Musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsalu ikafika masentimita 3 mizere ya mitundu iwiri imayamba kuonekera bwino.

MALAMULO ATATU OTHANDIZA KUTI MUSASOKONEZEKE

Loyamba: diso limene lafunda kale ndilo lilukidwe, limene lili lokha ndilo lifunditsidwe. Mukasunga lamulo limeneli simudzafunanso kuyang'ana pa pepala.

Lachiwiri: ngati ulusi wonse uwiri uli mbali imodzi, tembenuzani ntchito ndi kutenga pinki. Ngati uli mbali zosiyana, musatembenuze, kankhirani maso kumene kuli woyera ndi kuluka ndi woyerayo.

Lachitatu: yang'anani diso lofunda limene mukufuna kuluka. Ngati m'munsi mwake mukutsika mzere wosalala, lilukeni mosalala. Ngati muli timfundo, lilukeni mwamfundo.

ZOVUTA ZOFALA NDI MANKHWALA AKE

Kaulusi kofunda kakapulumuka pa singano, pa nsalu pamaoneka ulusi wautali wopingasa. Katoleni ndi nsonga ya singano ndi kukabwezera pa msana pa diso lake musanapitirire. Maso akachuluka kuposa 91, ndiye kuti penapake mwaluka diso ndi kaulusi kake padera. Werengani maso pa mapeto a ulendo 4 uliwonse. Popeza kumasula brioche n'kovuta, pakatha masentimita 10 alionse lowetsani ulusi woonda wa mtundu wina m'maso onse, pamodzi ndi timaulusi tofunda, pogwiritsa ntchito singano yosokera. Mukalakwitsa mudzamasula kulekezera pa ulusi umenewo, ndipo maso onse mudzawapeza ali m'malo mwake. Mpira wa ulusi ukatha, lumikizani watsopano m'mphepete, osati pakati, kuti mfundo isakande khungu la wovala.

KUTSEKA NDI KUCHAPA

Shawelo ikafika masentimita 160, malizani ndi ulendo 4, tembenuzani, ndipo mudule ulusi woyera kusiya mchira. Tsekani ndi pinki pogwiritsa ntchito singano ya mamilimita 5. Lukani diso loyamba mosalala, lachiwiri mwamfundo, ndi kulumphitsa loyambalo pamwamba pa lachiwiri. Lukani lofunda mosalala, lumphitsani; lukani lokhala lokha mwamfundo, lumphitsani; pitirizani chomwecho mpaka kumapeto, osakoka ulusi. Sokererani michira yonse m'mphepete. Chapani shawelo ndi manja m'madzi ozizira ndi sopo wosanunkhira kwambiri, chifukwa fungo lamphamvu limachititsa nseru odwala amene akulandira mankhwala. Musaipotokole ndipo musaipachike pa chingwe, ingatalike n'kuonongeka. Iyaleni pa mphasa yoyera pamthunzi mpaka iume.

ZOKAMBIRANA PA NTHAWI YOLUKA

Mlangizi agawe mfundo zotsatirazi pa misonkhano ingapo.

Msonkhano woyamba: zizindikiro. Mayi aliyense adziwe mmene mawere ake amakhalira masiku onse, kuti pakasintha kanthu azindikire msanga. Zoyenera kuyang'ana ndi izi: chotupa kapena kuuma kwa mbali ina ya bere kapena m'khwapa; kusintha kwa kukula kapena maonekedwe a bere limodzi; khungu lobonyoka kapena la timaenje ngati khoko la lalanje; nsonga ya bere yolowa m'kati pamene kale sinali choncho; madzi kapena magazi otuluka ku nsonga ya bere pamene mayi sakuyamwitsa; ndi chilonda chosapola. Mfundo yofunika kuibwereza ndi iyi: kawirikawiri chotupa cha khansa sichipweteka pa chiyambi. Amayi ambiri amachedwa chifukwa amadikira ululu. Komanso zotupa zambiri za m'mawere si khansa, choncho kupeza chotupa si chifukwa chotayira mtima, koma n'chifukwa chopitira ku chipatala sabata yomweyo.

Msonkhano wachiwiri: kudziyeza. Nthawi yabwino ndi masiku ochepa mutatha kusamba kwa mwezi, pamene mawere afewa. Amene analeka kusamba asankhe tsiku limodzi pa mwezi. Imani pa kalilole ndi kuyang'ana mawere onse awiri, manja ali m'munsi, kenaka mutawakweza. Mukatero gonani chagada, ikani dzanja limodzi kunkhongo, ndipo ndi zala zitatu zapakati za dzanja linalo sisitani bere lonse mozungulira, mpaka m'khwapa ndi m'munsi mwa fupa la pakhosi. Gwiritsani ntchito mimba za zala, osatsina. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Kudziyeza sikulowa m'malo mwa kuyezedwa ndi namwino kapena dokotala.

Msonkhano wachitatu: zimene zimachitika ku chipatala. Mayi amayamba pa chipatala chaching'ono cha kwawo, kumene amayezedwa ndi manja. Pakakhala chokayikitsa amatumizidwa ku chipatala cha boma cha m'boma lake, kapena ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ku Lilongwe kulinso malo othandizira odwala khansa a National Cancer Centre. Dokotala amajambula bere ndi makina, ndipo amatenga kanyama kochepa ka chotupacho kukakayeza. Kuyeza kanyamako ndiyo njira yokha yotsimikizira ngati ili khansa. Chithandizo chimasiyana malinga ndi mtundu wa khansa ndi pamene yafika: opaleshoni, mankhwala a m'diripi otchedwa chemotherapy, cheza, ndi mapilitsi a nthawi yaitali. Mankhwala a m'diripi amaperekedwa maulendo angapo, kawirikawiri motalikirana milungu 3. Amafooketsa, amadzetsa nseru, ndipo amathothola tsitsi, koma tsitsilo limameranso chithandizo chikatha. Apa ndi pamene odwala ambiri amalekera, ena chifukwa cha kufooka, ena chifukwa chosowa ndalama yoyendera, ena chifukwa chotupa chachepa ndipo akuyesa kuti achira. Kulekera panjira kumapatsa khansa mpata wobwerera.

Msonkhano wachinayi: zikhulupiriro. Khansa sipatsirana. Mungadye mbale imodzi, kugona mphasa imodzi ndi kusamala wodwala popanda mantha. Khansa sidza ndi ufiti, ndipo si chilango cha chiwerewere. Kusunga ndalama pachifuwa sikuyambitsa matendawa. Opaleshoni sindiyo imapha. Chimene chimapha ndi kufika ku opaleshoni matenda atafalikira kale. Kutemera chotupa kapena kuchimata mankhwala a zitsamba kumangotayitsa miyezi imene ikanapulumutsa moyo. Pafupifupi theka la amayi odwala khansayi alibe chifukwa china chodziwika koma kuti ndi akazi ndipo msinkhu wakula, choncho palibe woyenera kuimbidwa mlandu. Zimene zimaonjezera chiopsezo ndi kumwa mowa, kusuta fodya, kunenepa kwambiri, kusagwiritsa ntchito thupi, ndi kukhala ndi mayi, mchemwali kapena mwana amene anadwalapo. Kuyamwitsa kumachepetsako chiopsezo. Abambo nawonso amadwala khansa ya bere, ngakhale kuti ndi ochepa, pafupifupi 1 mwa odwala 100.

KAPEREKEDWE KA MPHATSO

Matenda ndi chinsinsi cha mwini wake. Gulu lisalengeze m'tchalitchi, ku mzikiti kapena pa msonkhano wa mudzi kuti likulukira mayi wakutiwakuti, pokhapokha iye mwini atalola. Popeza pinki akudziwika ngati chizindikiro cha khansa, mayi wina angaone kuti shawelo yotere ikumuulula pagulu. Mufunseni poyamba. Akakonda mitundu ina, mulukireni imeneyo, pakuti malukowo ndi amodzimodzi. Akalandira ya pinki ndi woyera, ali ndi ufulu wosankha mbali yoonetsa kunja.

Amayi awiri kapena atatu ndiwo apite kukapereka, pa nthawi imene wodwala wavomereza. Aliyense amene ali ndi chimfine kapena chifuwa atsale, chifukwa munthu wolandira mankhwala a m'diripi amakhala ndi chitetezo chochepa m'thupi. Pochezapo musasimbe za anthu amene anamwalira ndi matendawa, ndipo musamuuze za mankhwala ena oti ayese. Funsani tsiku limene akuyenera kubwerera ku chipatala, ndi ngati ali ndi womuperekeza. Ngati bambo wa pakhomo alipo, mulankhule naye mwaulemu. Mayi amene wachotsedwa bere akali mkazi wathunthu, mayi wa ana ake ndi mwini nyumba, ndipo mawu olimbikitsa ochokera kwa mwamuna wake amaposa mphatso iliyonse imene gulu lingabweretse.

Shawelo yokha singamalize ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Gulu ligawane ntchito zimene mkono wodwala sungazithe m'miyezi yoyamba, monga kutunga madzi, kusinja, kuchapa ndi kupalira. Amene aphunzira bwino malukowa angaluke shawelo yachiwiri yogulitsa, ndalama yake n'kukhala thumba la ulendo wa ku chipatala. Mayi wochirayo akapeza mphamvu, muitanireni ku gulu, ndipo ngati afuna, aphunzire nawo kuluka, akumapumira kawirikawiri kuti mkono usatope. Akaona kuti mkono ukutupa, ukufiira kapena ukutentha, apite ku chipatala msanga. Mayi wotere akadzalola kulankhula za ulendo wake, anzake adzamumvera kuposa mmene angamvere mlangizi aliyense, chifukwa adzaona ndi maso awo kuti munthu amadwala khansa ya m'mawere, n'kulandira chithandizo, n'kukhalanso ndi moyo.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Tchulani zizindikiro 5 za khansa ya m'mawere. N'chifukwa chiyani kudikira ululu kuli koopsa?

2. Kodi m'dera lanu n'chiyani chimene chimachedwetsa amayi kupita ku chipatala akapeza chotupa? Gulu lanu lingachitepo chiyani?

3. Kodi mayi wa m'mudzi mwanu amafuna ndalama zingati kuti apite ndi kubwera ku chipatala chachikulu chimene muli nacho pafupi?

4. Poluka, mungadziwe bwanji diso loyenera kulukidwa ndi loyenera kufunditsidwa? Nanga mungadziwe bwanji nthawi yotembenuza ntchito?

5. Kodi mungamufunse bwanji mnzanu ngati akufuna mphatso yotere, popanda kumuchititsa manyazi?

Ntchito ya kunyumba: mayi aliyense abwere ku msonkhano wotsatira ndi kansalu koyesera ka maso 21, ndipo akhale atadziyeza mawere kamodzi. Amene wapeza chomukayikitsa asadikire tsiku la msonkhano, apite ku chipatala.